Masheya anga aja, ndigulitse kapena ndingowasiya?

Usiku wathawu sindinagone bwino chifukwa cha nkhani ya masheya. Alamu anga anandiimbira cha m'ma 9 koloko, akuti alamu mwaona mitengo? gulitsani msanga zinthuzi zisanatembenuke. Iwowa ndi omwe mu 2020 anandiseka nditawauza kuti ndikufuna kugula masheya a FDH Bank pomwe ankalowa pa msika wa masheya wa Malawi Stock Exchange pa K10 sheya imodzi, amvekere ndalama yakoyo bola uike ku banki mkhonde. Ndinawamvera, sindinagule. Chaka chomwecho Airtel nayo inali italowa pa K12.69, nayonso ndinangoionera patali. FDH ija inadzadutsa K100 ine ndili maso, ndipo mpaka lero ndikakumbuka mtima umandiwawa.

Ndiye chifukwa cha mkwiyo umenewo ndinadzatsekula akaunti kwa broker, yemwe amagulira ndi kugulitsira anthu masheya, n'kugula masheya a kampani ina yake, dzina sinditchula. Sindinawerenge lipoti lawo la pachaka ngakhale tsamba limodzi, ndinangomva pa gulu la WhatsApp kuti iyi ndiye ikubwera basi. Kampani yake si yamphamvu ngati FDH ija ayi, dividend (phindu lomwe kampani imagawira eni masheya) imabwera mwa apo ndi apo, chaka china zii. Mtengo unakhala malo amodzi miyezi yambiri, kenako unayamba kukwera mosadziwika bwino, moti pano papepala ndili ndi phindu labwino ndithu.

Koma papepala ndiye pali nkhani. Msika wathu wa ku Blantyre ndi waung'ono, makampani ake sakwana ndi 20 omwe, ndipo masheya ambiri ali m'manja mwa makampani a penshoni ndi a inshuwalansi omwe sagulitsa chisawawa, ndiye mtengo ukhoza kudumpha chifukwa choti anthu ochepa chabe agulana timasheya tochepa. Tsiku lomwe iwe wapanikizika ukufuna ndalama ya fizi, umapereka oda kwa broker n'kumadikira wogula, ndipo ngati aliyense akuthawa nthawi imodzi wogulayo sapezeka pa mtengo umene ukuuona pa foni. Ine zinandichitikirapo, oda inagona masiku angapo mpaka ndinatsitsa mtengo ndekha.

Mbali inayi, ndikagulitsa onse ndalamayo ndiyika kuti? Tonse tikukumbuka Novembala 2023 kwacha itagwa ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 ija ya Meyi 2022. Amene anasunga ndalama mu akaunti anangodzuka thumba la simenti litawathawa. Ichi n'chimene chimandiletsa kuthamangira kugulitsa, kukhala ndi makwacha m'manja nakonso ndi juga, kungoti yake ndi yachete.

Zowonjezera kugula ndiye ayi. Mnzanga wina kuntchito akufuna kutenga ngongole kuti agule ambiri, ndamuuza kuti aise chiwongola dzanja cha masiku ano chidzakudya usanaone ndi dividend yomwe, ndipo ngongole siidziwa kuti msika watsika, tsiku lobweza likakwana lakwana. Sanandimvere, akuti ndine wamantha. Mwina ndinedi.

Zomwe ndaganiza ndi izi, ndigulitsa gawo lokwana kubweza ndalama yomwe ndinalowetsa, ndigule feteleza wa kumudzi mitengo isanakwerenso, otsalawo akhale momwemo kaya akwera kaya agwa. Lipoti lija ndalipeza dzulo, ndayamba ndi tsamba la ngongole za kampaniyo ndipo manambala ake sakundisangalatsa kwenikweni, makamaka ngongole za madola, poti kwacha ikagwanso zimenezo zimafufuma zokha.

Alamu ndawauza m'mawa uno kuti ndigulitsa gawo chabe. Ayankha kuti ndiye muwagulitse kwa ine, nditsekule bwanji akauntiyo?