Ophunzira a m'mayunivesite sanadane ndi intaneti chifukwa cha ulesi

Boma litatseka sukulu zonse pa 23 Marichi 2020 pofuna kupewa kufala kwa Covid-19, mayunivesite ena m'dziko muno anayesa kupitiriza maphunziro kudzera pa Zoom, Google Classroom ndi m'magulu a WhatsApp. Anthu ambiri ankanena kuti ophunzira akudandaula ndi njirayi chifukwa cha ulesi, koma ine sindinagwirizane nawo ndipo mpaka lero ndimatsutsabe.

Taganizirani wophunzira amene anabwerera kumudzi kwawo ku Chitipa kapena ku Nsanje, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi. Foni ikatha moto ankapita kukatchajitsa kumsika, ndipo akabwerako ankaimirira pachulu kufunafuna netiweki, kwinaku mawu a mphunzitsi akudukaduka pakati pa chiganizo. Bandulo imene anagula ndi ndalama ya ndiwo inkatha phunziro lisanafike pakati, ndipo pamayeso ankayembekezeredwa kupikisana ndi mnzake wa mu mzinda wa Blantyre amene anali ndi laputopu ndi intaneti ya panyumba.

Ndi zoona kuti ena anaikonda njirayi, makamaka chifukwa phunziro lojambulidwa ankatha kulimvera mobwerezabwereza. Komabe ophunzira za udokotala, uinjiniya ndi ulimi anali ndi chifukwa chomveka chodandaulira, popeza ntchito ya mu labotale kapena ya kumunda singaphunzitsidwe pa foni. N'chifukwa chake ambiri anasangalala sukulu zitayamba kutsegulidwanso pang'onopang'ono mu Seputembala 2020.