Mfuti ya mwana wa achemwali ndi funso lomwe sanayankhe

Lachisanu usiku, Kasungu.

Tulo tandithawa chifukwa cha macheza a masanawa. Mwana wa achemwali anga anatulukira kuchokera ku Chinkhoma komwe mabelo ake omaliza a fodya agulitsidwa, nkhope ili ngwee, foni ili m'manja. Asanamwe n'komwe madzi anandionetsa chithunzi cha mfuti ya .308, pamwamba pake pali scope (galasi lolozera lokulitsa chandamale) yaikulu ngati botolo, yolembedwa 6-24x50, manambala osonyeza mphamvu yake yokulitsira ndi kukula kwa galasi. "Malume, ndikufuna yolasa pamodzimodzi pa mamita 500. Ndalama yotsala ndigulira scope iyi, pa intaneti ndi yotchipa."

Mawu oti "yotsala" ndi omwe andibaya mpaka pano. Anthu ambiri amathera ndalama pa mfuti, kenako scope, ma ring (mphete zomangira scope pa mfuti) ndi zipolopolo amagulira makobidi otsala, akaphonya chandamale n'kumati mfutiyo ndi yoipa.

Ndinayamba ndi zomwe sanafune kumva. Mfuti imayambira kupolisi, pa chiphaso, komanso pa bokosi lachitsulo lokhoma loisungiramo. Za kupita kwa wowotcherera kuti akukonzere mpope, kapena za gogodela, ndinamuuza kuti asazitchulenso pakhomo panga. Chomwe munthu angachite ndi kusonkhanitsa bwino zogula mwalamulo. Ndalama ya chiphaso ndi bokosi ikachoka, yotsalayo aigawe pakhumi: magawo anayi mfuti, atatu scope ndi ma ring, awiri zipolopolo, limodzi zopukutira ndi zina zing'onozing'ono. Anandiyang'ana ngati ndamulanda kanthu.

Ndinati iwe, siya .308, gula .22 LR, mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono, ya bolt (chitsulo chomwe umakoka ndi dzanja polowetsa chipolopolo), ngakhale yogwirapo kale ntchito. Ma Brno akale ndi ma CZ a ku Czech ndi mfuti zosavuta ndipo zimalasa. Mtengo wa chipolopolo chimodzi cha .308 umagula za .22 zingapo, ndipo kulasa kumabwera ndi kuwomba kambirimbiri. .22 sikankha phewa, choncho dzanja siliphunzira kunjenjemera lisanakoke trigger, kachitsulo kowombera. Imaphunzitsanso mphepo msanga. Ukaitchera kuti izilasa pakati pa mamita 50, pa mamita 100 chipolopolo chimatsika pafupifupi masentimita 20, ndipo mphepo yodutsa chopingasa ya makilomita 16 pa ola imachikankha kupitirira masentimita 10. Amene wazolowera zimenezi mu mwera wa mwezi uno sadzavutika ndi mfuti yaikulu.

Pogula yakale, thabwa lonyezimira lisakunyenge. Chotsa bolt, loza mpope kowala, usuzumire kuchokera kumbuyo. Mizere ya mkati izioneka yakuthwa, popanda maenje a dzimbiri kapena mphete yakuda yosonyeza kuti mpope unatupa. Kenako yang'ana kukamwa kwa mpope, pomwe chipolopolo chimatulukira. Pakangophwanyika pang'ono mbali imodzi, mpweya umatuluka mokondera ndipo zipolopolo zimamwazika. Pamenepa pamaonongeka anthu akamalowetsa ndodo yopukutira chakutsogolo. Ndodo izilowera kumbuyo nthawi zonse.

Panali pamenepa, kapena mwina titadya kale nsima, pomwe anabwereranso ku scope yake ija. Apa mtima wanga unakwera. Manambala aakulu pa scope yotchipa amangokulitsa chifunga. 3-9x40 kapena 4-12x40 ya galasi loyera ndi yokwanira, bola ikhale ndi posinthira parallax, potcherera scope kuti igwirizane ndi mtunda womwe ukuwombera. Ma scope ambiri a mfuti zazikulu anawatchera pa mayadi 100, ndiye pa mamita 25 kapena 50 amanama. Kuyesa kwake n'kosavuta: khazika mfuti pa matumba a mchenga, usaigwire, suntha diso uku ndi uku. Mtanda wa mkati mwa scope ukamayenda pa chandamale, kuphonya kwako kuchokera pomwepo. Yesanso ngati zotembenuzira zake zimanena zoona. Pa scope ya 1/4 MOA (MOA ndi muyeso wa kangodya kolozera), kudina kumodzi ndi mamilimita 3.6 pa mamita 50. Womba, dina ka 20 kukweza, womba, ka 20 kumanja, womba, ka 20 kutsitsa, womba, ka 20 kumanzere, womba, nthawi zonse ukuloza pamodzimodzi. Mbali iliyonse ikhale pafupifupi masentimita 7 ndipo chomaliza chigwere pa bowo loyamba. Ikalephera, ibweze kwa mwini wake.

Ma ring ndi omwe amapeputsidwa kwambiri. Kanjanji ka pamwamba pa .22 sikafanana konse: kena ndi mamilimita 11, kena ndi 3/8 ya inchi, ndipo ma Brno ena akale ali ndi kotakata kuposa apa. Yeza usanagule. Ring yolakwika imaluma chopendekera n'kumasuka pang'onopang'ono. Ma screw a pamwamba amangidwe mosinthanasinthana, mphamvu ya pafupifupi 2 Nm basi. Kumanga ngati mawilo a ngolo kumafinya scope ndipo zamkati zimakakamira.

Za thabwa ndinangomuonetsa. Ndinatenga pepala la K1,000 n'kumufotokozera momwe amalilowetsera pakati pa mpope ndi thabwa, kulikokera chakumbuyo. Likakodwa penapake, thabwa likukhudza mpope. Kuno thabwa limatupa m'dzinja n'kuuma mu Okutobala, choncho mfuti yomwe imalasa lero imakaloza kwina mvula ikagwa. Pokhudzapo amapala pang'onopang'ono ndi sandpaper yokulunga pa kandodo, kenako n'kupaka vanishi kuti chinyezi chisalowe. Trigger yokha asaikhudze ndi tupa. Yolemera pakati pa kilogalamu imodzi ndi imodzi ndi theka ndi yabwino, ndipo yopalidwa ndi munthu wosadziwa imatha kuwomba yokha mfuti ikagunda pansi.

Ndikulemba izi mphepo ikulira pa malata, ndipo ndikuona kuti za zipolopolo ndinazithamangira, pomwe n'zimene zimasintha zambiri. Mfuti iliyonse ya .22 ili ndi mtundu womwe imaukonda. Zolembedwa standard velocity, za 40 grain (kulemera kwa chipolopolo), zimathamanga mamita pafupifupi 330 pa sekondi, kuchepera pang'ono liwiro la phokoso, ndipo nthawi zambiri zimagwera pamodzi kuposa za high velocity zomwe zimagwedezeka zikamatsika kudutsa liwiro limenelo. Agule mabokosi a mitundu itatu. Akasintha mtundu, awombe khumi zotaya kaye kuti mafuta a mtundu watsopanowo ayale mu mpope. Kenako zisanuzisanu, kasanu, pa mamita 50, m'mamawa mphepo isanadzuke. Zitatu zokha zimanamiza. Ayeze mabowo awiri otalikirana kwambiri, pakati mpaka pakati, alembe m'kope. Sentimita imodzi ndi theka pa mtunda umenewu ndiye MOA imodzi yomwe anthu amaitamayo. Mtundu wopambana awerenge nambala ya lot pa bokosi n'kugula yomweyo yambiri. Matumba safuna ndalama: miyendo ya jinzi yakale, mchenga wouma wa kudambo, limodzi kutsogolo pansi pa thabwa, lina laling'ono kumbuyo. Mpope wokha usagone pa thumba.

Zonsezi anamvetsera, zina n'kumagwedeza mutu. Koma nditamufunsa kuti ukawombera kuti, anangoti, "Kumunda konkuja, malume." Munda umenewo uli chakumadzulo, kufupi ndi malire a paki ya nyama zakutchire ya Kasungu. Ndinati chipolopolo cha .22 chimauluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, cha .308 kupitirira makilomita atatu, ndipo pa mwala kapena pa madzi chimanjanja n'kulowera komwe sukudziwa. Kuseri kwa chandamale pazikhala chulu chachikulu, chopanda miyala, ndipo udziwe njira zomwe ana amadutsa ndi ng'ombe. Ndinamukumbutsanso kuti lamulo la nyama zakutchire lomwe linakonzedwa mu 2017 limafika pa zaka 30 kundende. Ndinafunsa kawiri chomwe akufunira mamita 500.

Anayang'ana foni, n'kunena kuti minibasi yomaliza imusiya. Wati aimba Lamulungu. Pepala lomwe ndinamulembera magawo aja ndalipeza pa mpando, pansi pa kapu yomwe anamwera madzi.