Masewera osaka chuma amuthandiza mwana wanga kuwerenga, koma ndinataya masiku awiri

Tchuthi chatha ndipo mtima wanga wakhala pansi. Mwana wanga wamkazi wazaka 6 tsopano akumatola kapepala n'kuwerenga yekha, osayamba wandiyang'ana kumaso kuti ndimunong'oneze. Koma kuti tifike pamenepa ndinataya masiku awiri athunthu, ndipo limodzi mwa masikuwo likandibwerera m'maganizo ndimapsabe mtima.

Masewerawo ndi osavuta. Mumabisa kamphatso penapake, n'kulemba timapepala, kalikonse kolondolera pamene pali kanzake, mpaka mwana afike pa chumacho. Ndinafuna kuti mawu ake azigwirizana ndi nyengo, ndipo popeza inali nthawi yamvula ndinkaganiza za ambulera, matope, chule ndi zina zotero.

Ndisanalembe kalikonse ndinkafuna kudziwa malembo ndi maphatikizo amene aphunzira kale m'kalasi. Sabata yomaliza sukulu isanatseke ndinapita ku ofesi ya pasukulupo. Anandiuza kuti aphunzitsi ake ali pamsonkhano, ndidikire pang'ono. Ndinakhala pabenchi kuchokera m'mawa mpaka ana anaweruka. Atatuluka anati nkhani imeneyo ndikaione ndi aphunzitsi aakulu, ndipo kumeneko anandiuza kuti ndibwere mawa ndi kalata yopempha. Kalata! Yongofunsa ngati mwana wanga wafika pa "ch" kapena ayi? Ntchito ndinali nditajomba, wamng'ono ndinali nditamusiya ndi munthu, ndipo ndinabwerera chimanjamanja. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti funso langa linali loyankhidwa ndi mawu awiri pakhomo pomwepo. Kholo likabwera lokha kudzafunsa mmene lingathandizire mwana kunyumba, si loyenera kulizunguza choncho.

Madzulo ake ndikukhuthula chikwama chake kuti ndichichape, ndinapeza kope. Zonse zinali mmenemo: a, e, i, o, u, kenako ma me mi mo mu, ka ke ki ko ku, tsamba ndi tsamba mpaka pamene analekezera. Makolo anzanga, yambani ndi kope la mwana. Musavutike ndi ofesi iliyonse.

Tsiku lachiwiri lotayika linali la masewera oyamba. Kope ndinaliona, koma ndinatengeka ndi kufuna kuti zikome. Ndinalemba timapepala 14, tonse ngati zilape, ndipo ndinatayipa pakompyuta. Kapepala koyamba kokha anakhala nako nthawi yaitali. Lembo "a" la pakompyuta lili ndi kadenga pamwamba, losiyana ndi "a" wozungulira amene amalemba m'kope, ndiye anandifunsa kuti, "Amayi, ili ndi lembo lanji?" Ndinamuuza, tinapitirira. Kachiwiri kanali ndi mawu oti chitseko, ndipo "ts" anali asanamuphunzire. Kachitatu anakawerenga mawu onse bwinobwino, koma atamaliza anangoima. Ndinali nditalemba kuti "ndimakuteteza kumwamba kukalira". Mphamvu zake zonse zinathera pa kulumikiza maphatikizo, moti pofika kumapeto anali ataiwala poyambira, ndipo za ambulera sizinamubwerere n'komwe.

Pambuyo pake ndinadzawerenga zimene akatswiri ofufuza za kuwerenga, Philip Gough ndi William Tunmer, analemba mu 1986, zakuti kumvetsa nkhani yolembedwa kumadalira zinthu ziwiri zochulukitsana, kutha kutchula mawu olembedwawo ndi kumvetsa chinenerocho. Chimodzi chikasowa, zonse zagwa. Ndinaona kuti ndi zimene zinachitika pabalaza panga. Ndinamusenzetsa akatundu awiri nthawi imodzi, kuwerenga ndi kumasulira chilape.

Ndaiwala kunena za dongosolo la timapepala, ndipo apa ndi pamene tsikulo linatheratu. Kapepala kamene kakuti "pa kama" sikabisidwa pakama. Kameneko mwana amakhala nako m'manja, ndipo pakamapo pamakhala kotsatira. Ine usiku ndili ndi tulo ndinasokoneza tiwiri, moti anafika pazenera n'kupeza kapepala komutumanso pazenera pomwepo. Anazungulira, anabwerera, kenako anakhala pansi n'kuyamba kulira kuti iye sadziwa kuwerenga. Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali atawerenga molondola. Tina tiwiri ndinali nditatibisa panja ndipo mvula inatinyowetsa, inki n'kusungunuka. Mchimwene wake wazaka 4, amene sankawerenga chilichonse, anangotsegula kabati mwangozi n'kupeza mphatsoyo.

Ndinadikira masiku atatu ndisanayesenso. Ulendo uno ndinatsegula kope lija n'kulisiya pambali panga polemba. Mawu alionse amene anali ndi phatikizo losapezeka m'kopemo ndinawasiya. Timapepala tinali 5 basi, tolembedwa pamanja ndi malembo aang'ono akuluakulu bwino, ofanana ndi a aphunzitsi ake. "Pa kama." "Pa tebulo." "Mu bafa." "Mu kabati." Ndinalemba "mu kabati" m'malo mwa "m'kabati", chifukwa kachizindikiro kapamwamba kotsatana ndi "m" kankamuimitsa. Kuseri kwa kapepala kalikonse ndinalemba ndi pensulo malo okabisa, ndipo asanadzuke ndinayenda ndekha njira yonse, kuwerenga ndi kutsatira ngati ndine mwana. Anamaliza asanatope, ndipo atapeza bokosi la makrayoni anati tibwereze.

Tinachita kawiri kapena katatu pa sabata. Nthawi iliyonse ndinkalowetsa chinthu chimodzi chokha chatsopano. Sabata ya "mb" ndi imene ambulera analowa, pamodzi ndi mbale. Kenako "nd", kenako "ch" wa chule, amene ndinamujambula pakapepala n'kumubisa pansi pa pilo. Zovuta ngati "nkh", "ng'" ndi "dz" ndinazisunga kumapeto. Mawu a nyengo ndi abwino chifukwa mwana amawamva tsiku lonse. Akaona matope pansapato zake m'mawa, masana n'kuwerenga "matope" papepala, amawazindikira msanga. Atazolowera malo, ndinayamba kulemba ziganizo zomuuza chochita: "Vala jekete, pita pa zenera." Zimenezi zinandithandiza kuona ngati wamvadi. Akapita pazenera osavala jekete, ndinkadziwa kuti wangotola mawu amodzi n'kuthamanga, ndiye ndinkamubweza kuti awerengenso.

Za "b" ndi "d" musade nazo nkhawa msanga, ana ambiri amsinkhu umenewu amazisokoneza. Wanga anawerenga "dafa" kangapo. Sindinkamuuza yankho, ndinkangofunsa kuti kodi m'nyumba muno muli dafa? Ankaseka n'kuyang'ananso. Kudziletsa kumeneku n'kovuta, makamaka kwa bambo ake, amene ankafulumira kumutchulira mawu akangoima pang'ono. Ndinachita kuwapempha kuti, "Bambo, muloleni avutike nawo kaye, muziwerenga chamumtima mpaka 10 musanalankhule." Nthawi zambiri asanafike pa 10 mwana amakhala atatulukira.

Wamng'ono uja ndinamupatsa njira yakeyake kuti asamasokoneze ya mlongo wake. Timapepala take tinali ndi chithunzi ndi lembo loyamba lokha, monga tebulo ndi "t". Tsopano akumayenda m'nyumba n'kumaloza "t" paliponse pamene wamuona.

Chinanso, timapepala takale musataye. Ine ndinatiika m'envulopu, ndipo madzulo ena tinkatitulutsa kuti awerenge mofulumira, popanda kusaka. Mawu amene poyamba ankawatchula phatikizo limodzilimodzi anayamba kuwatchula kamodzi. Ndipo ndibwerezenso, musanalembe kapepala katsopano, tsegulani kope muone pamene wafika.

Sabata yomaliza ya tchuthi anandilanda pensulo n'kunena kuti lero obisa ndi iye, osaka ndi bambo ake. Analemba timapepala titatu. Pa kena analemba "pa mado" m'malo mwa "pa mpando", ndipo bambo ake anaima nako pakati pa nyumba osadziwa kolowera, mpaka iye anakatenga n'kukonza yekha. Nyengo yozizira ikubwera, ndayamba kale kusonkhanitsa mawu ake: juzi, chipewa, bulangeti, mphepo. "Mph" sanafikepo, ndiye mphepo idikira kaye.