Zimene miyala yandiphunzitsa za mpweya wotenthetsa dziko

Pa maphunziro anga a sayansi ya nthaka ndi miyala, gawo limene landigwira mtima kwambiri ndi lofotokoza kumene mpweya wa carbon dioxide, umene umatenthetsa dziko, umapita ukachoka mumlengalenga. Wasayansi wa ku America, Charles David Keeling, atayamba kuuyeza pa phiri la Mauna Loa ku Hawaii mu 1958, anapeza kuti pa magawo miliyoni imodzi a mpweya wonse, pafupifupi 315 anali a carbon dioxide, ndipo lero chiwerengerochi chadutsa 420. Chikanakwera kuposa pamenepa, koma nyanja zamchere, zomera ndi nthaka zimameza pafupifupi theka la mpweya umene anthufe timatulutsa potentha malasha, mafuta ndi nkhalango.

Ndikamawerenga za malo aliwonse omeza mpweyawu, tsopano ndimayamba ndafunsa kuti ausunga kwa nthawi yaitali bwanji. Mtengo umaukoka msanga, koma ukapsa kapena ukawola umaubweza. Nyanja zimameza wochuluka, koma madzi ake akunka nachuluka asidi, zimene zikusautsa tizamoyo topanga zigoba.

Za miyala n'zosiyana. Mvula ikamagwa imasakanikirana ndi carbon dioxide n'kukhala asidi wofooka kwambiri, amene amadya pang'onopang'ono miyala yonga basalt, mwala wakuda wopangidwa ndi chiphalaphala cha mapiri ophulika. Calcium wosungunuka m'miyalayo amatengedwa ndi mitsinje mpaka kunyanja, kumene tizamoyo timamuphatikiza ndi kaboni wochokera mu mpweya uja popanga zigoba zawo, ndipo tikafa zigobazo zimamira, zimaunjikana pansi, kenako zimauma n'kusanduka miyala ya laimu. Munthu akadonthezera asidi pa kachidutswa ka mwala wotere, nthawi yomweyo pamatuluka tithovu tochita kuwira, ndipo mpweya wa m'tithovuto umakhala kuti unatsekeredwa mmenemo zaka mamiliyoni ambiri zapitazo. Chochititsa chidwi n'chakuti dziko likatentha, mvula n'kuchuluka, miyala imadyeka mofulumirirapo, motero mpweya wambiri umachoka mumlengalenga ndipo kutentha kumayamba kutsika.

Chondidetsa nkhawa ndi nthawi. Njirayi imafuna zaka masauzande mazanamazana kuti ibwezeretse zinthu m'chimake, chifukwa kuyambira kalekale imayendera limodzi ndi mpweya wochepa wotuluka m'mapiri ophulika, pomwe anthu pa chaka timatulutsa wochuluka kuwirikiza koposa ka 60. Ngakhale popanga simenti timawotcha miyala ya laimu yomweyo, n'kumasula m'maola ochepa zimene chilengedwe chinasunga kwa mibadwomibadwo.

N'chifukwa chake ndawerenga mosamala za ntchito ya CarbFix ku Iceland, kumene amasungunula carbon dioxide m'madzi n'kuwapopera pansi m'miyala ya basalt. Mu 2016 akatswiri analengeza kuti mpweya woposa 95 pa 100 unasanduka mwala pasanathe zaka ziwiri. Ndimaona kuti njirayi ndi yodalirika chifukwa ikutsatira zimene miyala imachita kale, koma imafuna madzi ochuluka zedi, ndipo mpweya umene yakwirira mpaka pano ndi wochepa kwambiri pouyerekeza ndi umene dziko limatulutsa tsiku limodzi.