Honda Yanga Itakana Kudzuka ku Sheffield

Kwathu njinga yamoto sigona. Ya kabaza imadzuka tambala woyamba, imanyamula munthu, thumba la chimanga ndi mbuzi ulendo umodzi, ndipo mukaiona itaima tsiku lonse ndiye kuti yafa kapena apolisi aigwira. Kuno ku Sheffield, ku Mangalande, n'zina. Ikafika Novembala mdima umagwa cha m'ma 4 koloko masana, m'mawa msewu umakhala utaundana, ndipo akhonsolo amawaza mchere kuti magalimoto asaterereke. Mchere umenewo umadya chitsulo cha njinga mopanda chisoni. Choncho anthu amazitsekera m'mashedi mpaka Malichi, n'kudziwitsa boma pa chikalata chotchedwa SORN kuti njinga yapuma, msonkho wa pamsewu uyambe waima.

Nanenso ndinagoneka Honda CG125 yanga, kanjinga kakale komwe ndimapitira ku ntchito. Shedi ndinabwereka kwa agogo ena achizungu oyandikana nafe. Paunyamata wawo ankathamanga pa njinga zikuluzikulu, ndipo mpaka lero akangomva sipanala yagwa pansi amatulukira pampanda, kapu ya tiyi ili m'manja.

Loweruka lina kumapeto kwa Malichi kunawala. Msonkho ndi inshuwalansi ndinali nditalipira kale pa intaneti, boma linali litalandira zake. Ndinavala jekete, helemeti ndi magolovesi. Masokosi anga aubweya okha ndiwo sanapezeke. Anasowa chisanu chikungoyamba, ndipo pakhomo tinagwirizana kuti makina ochapira anawameza. Ana anaima pawindo kuti aone bambo awo akunyamuka. Ndinakwera, ndinatsegula mafuta, ndinakoka choko, n'kudina sitata.

Tche.

Basi, kamodzi kokha. Kenako zii.

Agogo aja anali atafika kale ndi kachipangizo koyezera magetsi. Anandiuza kuti batire yamoyo imaonetsa mavoti 12.6, ndipo yanga sinafike n'komwe pa 12. Batire ikangokhala osagwira ntchito imatha yokha pang'onopang'ono, kuzizira n'kudzaimalizitsa. Tinaitchaja usiku wonse. Ana anachoka pawindo, ine ndinadya nkhomaliro nditavala jekete la njinga.

M'mawa mwake injini inayamba kuzungulira bwinobwino, nyenyenyenye, koma osagwira moto. Apa ndinati ayi, nkhani imeneyi ndi ya pachibale. Ndili ndi malume anga ku Ndirande amene amakonza njinga za kabaza pansi pa mtengo, ndipo njinga zambiri za ku China zimene zadzaza kwathuzi injini yake inatengera ya CG yomweyi. Ndinawatumizira ya bandulo, ndinawaimbira pa WhatsApp pa vidiyo. Posakhalitsa nkhope zisanu ndi imodzi zinali zitapanikizana pafoni, anyamata a kabaza ofuna kuona njinga ya ku Ulaya.

"Mphwanga, injini imafuna zinthu zitatu basi: moto, mafuta ndi mpweya," anatero malume. "Koma tayamba wamenya kiki timve."

"Ilibe kiki, malume. Zomaliza kupangidwazi anangoika sitata."

Kunali chete. Ndinaganiza kuti netiweki yathawa.

"Unagula njinga yopanda kiki? Ndi ndalama zako?"

Kuseri kwawo anthu anagwa nacho chikhakhali. Wina anafuula kuti andigulitsa gwape.

Tinayamba ndi moto. Malume anati ndimasule pulagi, ndiibwezere m'chipewa chake, ndiigunditse pa chitsulo cha injini, kenako ndidine sitata tione ngati ikuthetheka. Moto wabwino umakhala wobiriwira ngati wa mphenzi, wofooka umakhala wachikasu. Zoti ndigwire pa labala pokha sanatchule. Magolovesi ndinali nditavula kuti ndigwire bwino foni. Nditadina, china chake chinalowa pa chala, chinadutsa m'chigongono, n'kukandiluma kumano. Foni inagwera m'maluwa a agogo.

"Moto ulipo!" ndinamva mawu a malume akuchokera m'maluwamo, osangalala kwabasi. "Takumva tonse kuno. Moto ulipo wambiri!"

Tinapita ku mafuta. Nditatsegula thanki, fungo lake silinali la petulo ayi, linali la vanishi wopaka mipando. Apa agogo anakhosomola n'kuyamba phunziro. Kuyambira Seputembala 2021 petulo wamba wa kuno ndi E10, kutanthauza kuti mpaka magawo 10 pa 100 alionse ndi ethanol, mtundu wa mowa wopangidwa kuchokera ku zomera. Ethanol amakoka chinyezi cha mumpweya, madzi n'kukhazikika pansi pa thanki. Petulo wotsalira m'kabakuli ka pansi pa kabuleta, kachipangizo kosakaniza petulo ndi mpweya, amauma, n'kusiya utomoni umene umatseka tizibowo todutsa mafuta, makamaka kajeti kakang'ono kamene injini imadalira podzuka. Nditamasulira zimenezi m'Chichewa, malume anangoti fwee. Anati petulo wa ku Malawi akhala akumusakaniza ndi ethanol wa nzimbe za ku Dwangwa kuyambira m'ma 1980, azungu angodziwa dzulo. "Kusiyana kwake n'kwakuti ife sitisiya petulo miyezi inayi m'thanki. Akagona usiku umodzi ndiye kuti mwini wake wadwala."

Kabuleta ndinakaimasulira pa tebulo la kukhitchini, poti panja zala zinali zitauma. Amayi a kunyumba anali kuntchito. Kajeti kaja ndinakapeza, kakang'ono kwambiri, ndipo nditakayang'anitsa kugetsi sikanaonetse kuwala ngakhale pang'ono. Malume anati ndithothole kawaya kamodzi pa chingwe cha buleki ndibowole nako. Agogo atamva anatsala pang'ono kutaya tiyi. Anati chitsulo chimakulitsa bowo la jeti chifukwa jetiyo ndi ya mkuwa wofewa, pamafunika mankhwala opopera ndi mpweya basi. Malume anafunsa kuti mdalayo wakonzapo njinga zingati chibadwire. Agogo anafunsa ngati malumewo ali ndi setifiketi. Ine ndinali pakati monga womasulira, ndipo mawu onsewa ndinawasandutsa moni ndi mafuno abwino. Mpaka lero aliyense wa iwo amakhulupirira kuti mnzakeyo anagonja.

Tinapopera mankhwala, jeti inatseguka. Koma nsima ya madzulo amenewo inkamveka petulo, ndipo ufa kuno timagula ku shopu ya zakudya za ku Africa pa mtengo woti munthu sutaya ndi nyenyeswa yomwe. Tinadya mwakachetechete. Amayi anangondiyang'ana kamodzi, n'kufunsa ana ngati akufuna ndiwo zina.

Nditabwezeretsa zonse ndi kuthira petulo watsopano, njinga inasintha nyimbo. Tsopano inkagwira, phu, phu, n'kuzima. Phu, phu, n'kuzima. Malume anati yatsala pang'ono, yangochita ulesi, ikufunika yokankha. Giya yachiwiri, gwira kilatchi, thamanga nayo, dumphira pampando, siya kilatchi.

Amene anafikako ku Sheffield akudziwa kuti mzindawu unamangidwa pa mapiri. Msewu wathu ndi wotsetsereka kuchokera pakhomo mpaka kumphambano ya mabasi, ndipo tsiku limenelo ndinauona ngati mdalitso. Ndinathamanga, ndinadumpha, ndinasiya kilatchi. Phu, phu, gudugudu, zii. Ndinabwerezanso. Phu, phu, zii. Pamene ndinkati ndicheuke, nyumba yathu inali kutali kumwamba, ine ndili pansi penipeni pa chitunda ndi chitsulo cholemera makilogalamu oposa 100.

Kukwera kwake sindikufuna kufotokoza zambiri. Thukuta linkayenderera m'helemeti, galasi lake lachita nthunzi. Pa siteji ya basi mayi wina wokalamba anandiyang'ana mwachifundo n'kunena kuti, "Petulo wadula masiku ano, mwanawe." Kamnyamata kena kanafunsa amayi ake mokweza kuti bwanji bamboyo sakungoikwera. Chapakati pa chitunda foni inalira.

"Yalira?"

"Ayi, malume."

Anatsitsa mawu. "Mphwanga, tandiuza zoona. Kumeneko ulibe amene unayambana naye? Chifukwa moto ulipo, mafuta alipo. Njinga imeneyi yamangidwa. Pali munthu wina kuno amadziwa zomasula, kungoti katundu wake ngwotumiza pa ndege, ndiye pamafunika kenakake." Asanatchule mtengo bandulo inatha.

Ndinafika pakhomo miyendo ikunjenjemera, ndinakhala pansi pafupi ndi tayala lakumbuyo. Amayi anatuluka ndi basiketi ya zovala zokayanika. Anaima, anayang'ana njinga, anayang'ana ine.

"Kodi bambo, masokosi aja munachotsamo?"

"Masokosi ati?"

"A mu ekizozi."

Nkhani yake inali yotere. Mu Novembala, ine ndili ku ntchito ya usiku, agogo anawauza amayi kuti mbewa zimakonda kumanga zisa mu paipi ya utsi ya njinga yogona, ndiye ndi bwino kutsekapo ndi kansanza. Anthu kuno amachitadi zimenezo, koma amasiya kansanzako kakulendewera kuti adzakumbukire. Amayi kwawo ndi ku Ntcheu, mbewa amazidziwa bwino, ndipo anaona kuti kansanza kolendewera n'kusewera. Anatenga masokosi anga onse awiri, n'kuwasindikiza mkati ndi chogwirira cha mthiko mpaka osaonekanso. Injini ikalephera kutulutsa utsi siingakokenso mpweya watsopano, ndiye imangotsokomola n'kuzima. Chinthu chachitatu cha malume chija, tonse amuna anayi, kuwerengera ndi wa ku ndege uja, palibe anachiyang'ana kumbuyo.

"Nanga masiku onsewa osanena bwanji?"

"Munandifunsa? Ndimaona muli ndi akatswiri a mayiko awiri."

Agogo anayang'ana m'kapu mwawo kwa nthawi yaitali, kenako anati akukumbukira tsopano kuti analankhulapo za mbewa.

Ndinawongola waya wa hang'ala n'kuyamba kuwedza. Sokosi yoyamba inatuluka yakuda bii, yonyowa ndi petulo. Yachiwiri inakana, waya unkangoikanda. Agogo anati ndingodina tione. Ndinadina. Phu, phu, kenako PHAA! Sokosi inatuluka ngati chipolopolo, inaoloka mpanda ikufuka utsi, n'kukamatirira pa shiti yoyera imene akazi awo a agogo anali atangoyanika. Honda inalira mokoma, ana anabwerera pawindo akuwomba m'manja, ndipo pakhomo la agogo chitseko chinatseguka mwamphamvu. Mdala uja anandipatsa kapu yake kuti ndimugwirire, n'kupita kukayankha mlandu.

Madzulo malume anatumiza uthenga wa mawu pa foni yobwereka. Ndinawayankha kuti njinga yalira, vuto linali masokosi mu ekizozi.

"Si ndinanena kuti yamangidwa?" anatero. "Tumiza ya bandulo, ndi kenakake ka anyamatawa. Agwira ntchito."