Tinagona hotela ya mabwana ku Cape Town pa mtengo wa okushoni

Ambiri mwakhala mukundifunsa kuti ine munthu wonyamula makatoni kuno ku Joni ndalama zogonera hotela ija ya pa zithunzi ndinazipeza kuti. Sindinawine lotto ayi abale, ndinagula pa okushoni ya pa intaneti.

Zimayenda chonchi. Nyengo yozizira ku Cape Town mahotela akuluakulu zipinda zimangokhala mbee opanda alendo, ndiye m'malo motsitsa mtengo poyera aliyense n'kudziwa kuti zawavuta, zipinda zina amazipereka kwa anthu a okushoni. Amayambira pa ndalama yochepa zedi, inu mumaika yanu, wina amaonjezera, mpaka nthawi itakwana. Amene munafikapo ku okushoni ya fodya ku Kanengo mukudziwa mmene mtima umagundira, kungoti kuno opikisana nawowo simuwaona, mumangoona nambala ikudumpha pa foni pakati pa usiku. Masiku oyambirira kumakhala zii, nkhondo yonse ndi ya mphindi zomaliza, ndipo komwe ndinagula ine wina akaika mtengo kumapeto amaonjezera nthawi, ndiye zobisalira sekondi yomaliza zija sizithandiza. Ine ndinalemberatu papepala ndalama yoti ndisapyole n'kuwapatsa madamu asunge. Tinapambana pa R3,400, anthu awiri, usiku uwiri ndi chakudya cham'mawa, pomwe hotelayo payokha imatchaja pafupifupi katatu kuposa pamenepo. Kenako anaikapo ka fizi kawo kamene simukaona mukamapikisana. Vocha itabwera ndi pomwe pali malamulo enieni: Disembala ayi, Isitala ayi, muimbire kaye hotela akuuzeni masiku amene ali ndi malo, mukasintha maganizo ndalama sabweza.

Tinanyamuka mu June. Ndege kuchokera ku bwalo la ndege la OR Tambo kuno ku Joni ndi maola awiri basi, ndipo tiketi zake zinadya ndalama zambiri kuposa hotelayo, zimenezi muziwerengeretu.

Nkhani yeniyeni inali pa risepushoni. Tafika titanyowa ndi mvula, mtsikana watilandira bwinobwino ndi kumwetulira, waona vocha, kenako akuti ndipereke khadi la ku banki agwireko R2,500 ya dipoziti, akuti mwina tingamwe za mu kafiriji ka m'chipinda kapena kuitanitsa chakudya. Pa vocha zimenezi panalibe. Ndinamuuza kuti ife sitimwa chilichonse, iye akuti ndi lamulo la hotela. Ndalama imene inali mu khadi ndi yomwe timati tidyere ndi kuyendera, ndipo khadi wamba akaigwira ndalama choncho imatha masiku isanabwerere ngakhale mutatuluka kale. Kumbuyo kwathu kwaima azungu ndi masutikesi awo, madamu ayamba kundilankhula chapansipansi kuti kodi tibwerera pa khomo pomwe pano, mxii.

Bambo amene anatinyamulira zikwama anali chiimire pambali nthawi yonseyi, wa imvi pang'ono, yunifomu yosita bwino. Anangosendera n'kunena motsitsa mawu, "Achimwene, ndinu a kumudzi eti?" Ndinachita kutembenuka kawiri. Kwawo ndi ku Mangochi, wakhala pa hotelayo zaka zambiri. Anati tidikire kaye, anakalowa ku ofesi ya manijala, potuluka nkhani yatha: chipinda chathu achitsekera kuti pasalembedwe ngongole iliyonse, za mu kafiriji achotsamo, chilichonse chimene tingafune tizilipira pompopompo. Akuti njira imeneyi ilipo kalekale koma sauza munthu pokhapokha afunse yekha. Mu lifiti anatifunsa za kumudzi, za mtengo wa chimanga, ngati msewu wa ku Monkey Bay anaukonza, madamu akumuyankha ngati mlongo wawo. Atatsegula chitseko anati, "Alamu, muno mudye bulekifasi mokwana, koma chamadzulo musayerekeze, mbale imodzi ndi ndalama ya lendi." Ndinamupatsa kangachepe anakana, akuti tikadzapita kumudzi tidzam'tengere thumba la usipa.

Chipindacho nde eeh, bedi lalikulu moti mumachita kufunana, bafa losambiramo chogona, zenera loyang'ana ku Table Mountain ngakhale phirilo linali litafunda mitambo pafupifupi nthawi yonse. Bulekifasi tinamvera malangizo, tinadya ngati mawa kulibe.

Koma zinandikhala pamtima. Amalawi ali mbwee mu mzinda umenewu, m'makhitchini, m'magadeni, oyeretsa zipinda, ndipo munthu atha kugwira ntchito zaka khumi akuyala mabedi amene sanagonepo n'kamodzi komwe. Ifenso tinalowa chifukwa cha mvula basi, dzuwa likabwera Disembala malo amenewa si athu. Ndipo hotela ngati imeneyi anaimangira anthu amene safunsa mtengo, botolo la madzi mtengo wake mungagule nkhuku, kuchapitsa malaya amodzi bola kukagula atsopano. Okushoni imakutsitsirani bedi lokha, zina zonse zimakhala pa mtengo wa mabwana.

Chakudya timakadya kunja. Ku Eastern Food Bazaar mu Longmarket Street mbale ya biryani ndi yoti awiri mukhuta, ndipo musachoke musanalawe gatsby, buledi wautali wothiramo tchipisi ndi nyama amene amachita kumudula zigawo. Tinakweranso sitima ya ku Simon's Town imene imadutsa m'mbali mwenimweni mwa nyanja kuyambira pa Muizenberg, tiketi yake yotchipa kwambiri, tinatsikira pa Kalk Bay kukadya nsomba ndi tchipisi pa doko. Si chambo, komabe.

Zokwera phiri zinakanika, kebulo kaa, kangolo koyenda pa chingwe kokwezera anthu pamwamba pa Table Mountain, anaitseka chifukwa cha mphepo. Boti lopita ku Robben Island, komwe Mandela anakhala zaka 18 m'ndende, limanyamukira pa doko la V&A Waterfront koma nyanja ikalusa silipita, tsiku lathu silinapite, madamu anadandaula kwambiri poti ndi chimene amafunitsitsa. Ndiye mukagula za nyengo yozizira musakonze ulendo wonse modalira zinthu ziwirizi. Komanso musanaike mtengo uliwonse imbani ku hotelako mufunse za dipoziti, ndi ngati ka 1% ka tourism levy, kandalama kothandizira ntchito zokopa alendo, kali kale mu vocha, ife anatilipiritsa potuluka.