Ngati muli ndi narcolepsy, musapite nokha kukayezetsa mtima

Zoyezetsa zonse zatha tsopano ndipo mtima wakhala m'malo, koma zimene zinandichitikira tsiku la ECG (kuyeza kagundidwe ka mtima ndi makina) zikundiwawabe. Ndikulembera anzanga kuno ku Lilongwe amene ali ndi narcolepsy, matenda aja oti tulo timangokugwira masana paliponse, ndipo ena mawondo amalefuka akangoseka kwambiri. Achibale amati ndi khunyu, ena amati ndi kaodzera wa ku Nkhotakota. Si zimenezo ayi. Vuto lili mu ubongo: ambiri a ife timasowa orexin, mankhwala achilengedwe a mu ubongo amene amathandiza munthu kukhala maso.

Ine anandipeza nawo ndikugwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ndinabwerako ndi modafinil. Adokotala a kuno ataona mankhwalawo anakana kundilembera ena ndisanayezetse BP, shuga, mafuta a m'magazi ndi ECG. Anandifotokozera kuti munthu akagona BP yake imayenera kutsika ndi 10 mpaka 20 peresenti, koma ambiri odwala narcolepsy siitsika choncho, ndiye mtima ndi mitsempha sizipuma ngakhale usiku. Timanenepanso msanga, shuga amatigwira mosavuta, ena timabanika kutulo. Pamwamba pa izo, mankhwala otithandiza kukhala maso, monga modafinil ndi methylphenidate, amatha kukweza BP ndi kuthamangitsa mtima. Yanga inali itadutsa kale 140/90 ndipo sindinkamva kupweteka kulikonse.

Magazi sanavute. Anandiuza ndibwere m'mawa ndisanadye kanthu, anatenga, basi.

ECG ndiyo inandidyera tsiku. Ndinadzuka kusanache, kukwera minibasi ku Area 25, kufika pachipatala china chomwe sindichitchula, kulipira, kupereka buku langa, nkukhala pabenchi. Ndinawauza anamwino a pawindo kuti, "Mayi, ine ndili ndi matenda a tulo. Mukaitana dzina ndikapanda kuyankha, chonde wina andigwedeze." Anavomera ndi mutu. Munthu wa narcolepsy kumukhazika pabenchi, m'chipinda chotentha, popanda chochita, mukudziwa kale chotsatira. Ndinadzidzimuka dzuwa litapendeka, benchi ili mbee, mayi wokolopa akundipempha ndikweze miyendo. Dzina anaitana, anandidumpha, woyeza anaweruka. Nditafunsa, yankho linali lakuti, "Bambo, kuno si kogona. Mubwere mawa." Mawu amenewo anandilasa kwambiri, chifukwa tulo lomwelo ndi matenda amene anandibweretsa, ndipo zinalembedwa m'buku lomwe iwo anali nalo m'manja. Kuntchito ndinali nditapempha kale tsikulo, ndalama ya minibasi inapita, ndinabwerera chimanjamanja.

Choncho musapite nokha. Tengani munthu woti akhale nanu pamzere, amve dzina, akudzutseni. Ulendo wotsatira ndinapita ndi achemwali anga, ndipo ntchito yonse inali ya mphindi zochepa: kugona chagada, kumata timawaya pachifuwa, m'mikono ndi m'miyendo, pepala nkutuluka. Jambulani pepalalo pafoni pomwepo, chifukwa zolemba zake zimafufutika likakhalitsa.

Ndadumpha china chofunika chomwe chinayamba ECG isanachitike. Kuyeza BP kamodzi kuchipatala sikukwanira kwa ife. Adokotala anandiuza ndigule kamakina koyezera pamkono ku famase, ndiziyeza m'mawa ndisanamwe mankhwala ndiponso usiku ndisanagone, nditakhala pansi phee kwa mphindi zisanu, nkumalemba m'kope. Kope limenelo ndi lomwe linawathandiza kusintha mlingo wa modafinil ndi kundiyambitsa mankhwala a BP. Musadzisinthire nokha, ndipo musasiye mankhwala a narcolepsy chifukwa choopa BP. Kugona uli pachiwongolero kapena pafupi ndi mbaula ndi ngozi inanso.

Nkhani ya mchere ndi imene inandivuta kunyumba. Bungwe la WHO limati munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni ka tiyi kamodzi. Werengani wa mu usipa wouma, wa pachiwaya, timakyubu tokometsera ndiwo, ngakhale soda wa m'therere, muona kuti timadutsa kutali. Amene mumalandira sodium oxybate, mankhwala ena a narcolepsy, kuchokera kunja muwauze adokotala, chifukwa mankhwala amenewo ali ndi sodium wambiri paokha, yemwe amapezekanso mumchere. Fodya ndiye musayerekeze, ndiponso zakumwa zopatsa mphamvu zija timathamangira pofuna kuthamangitsa tulo zimangowonjezera moto pa mtima.

Ndibwerezenso: pitani ndi munthu. Ndipo munthu ameneyo mumuphunzitse kusiyanitsa zinthu ziwiri izi. Kulefuka kwathu kuja kumabwera ukaseka, ukakwiya kapena ukadzidzimuka, kawirikawiri kumagwira mbali zonse ziwiri, umamva zonse zikuchitika, ndipo kumatha pa mphindi imodzi kapena ziwiri. Koma mkono kapena mwendo wa mbali imodzi ukafooka osabwerera, pakamwa pakapotoka, mawu akamatuluka mosokonekera, kapena pachifuwa pakathina ndi thukuta, asanene kuti ndi matenda ake aja, adzuka. Imeneyo ikhoza kukhala sitiroko kapena mtima. Apeze galimoto nthawi yomweyo, athamangire nanu ku Kamuzu Central Hospital kapena chipatala chapafupi, atatenga buku lanu ndi mankhwala onse amene mukumwa.